Wina akuphunzirira pa chidole, wina pa lalanje

Loweruka lina m'nyengo yozizira mwana wanga wamkazi anandikokera ku koleji yake kuno ku Leicester. Linali tsiku loti makolo akaone kumene ana awo amaphunzirira. Ine ndinali nditangoweruka shifiti ya usiku, maso ali psuu, ndipo chimene ndinkafuna ndi bulangete basi. Koma mwana anakakamira. "Amayi, tiyeni mukamuone wodwala wanga."

Wodwala wakeyo ndinamupeza atagona pa bedi lenileni la kuchipatala, lokwera ndi kutsika ndi batani, m'chipinda chokonzedwa ngati wodi. Pambali pake panali kathebulo ka mankhwala, sinki yosambira m'manja ndi makatani otchingira. Wodwalayo ndi chidole chachikulu ngati munthu wamkulu. Chifuwa chake chimakwera ndi kutsika. Ukagwira pamkono umamva mtima ukugunda. Mphunzitsi atadina pa kompyuta yake chidolecho chinabuula, ine n'kudumpha, makolo anzanga onse n'kufa nako kuseka.

Mwanayu ali ndi zaka 17. Akuchita maphunziro amene kuno amawatcha T Level, m'gawo la zaumoyo. Maphunzirowa anayamba mu 2020, a zaumoyo n'kubwera mu 2021, ndipo amatenga zaka ziwiri mwana akamaliza GCSE. Pa zaka ziwirizo amayenera kukagwira ntchito yeniyeni kwa maola osachepera 315, omwe ndi masiku ngati 45. Boma linapatula ndalama zoti makoleji akonzere zipinda ndi kugula zipangizo, podziwa kuti mwana wa zaka 17 satumizidwa ku wodi asanayesepo ngakhale kutembenuza munthu pabedi.

Usiku wa tsiku lomwelo foni inalira, WhatsApp. Anali mwana wa achimwene anga, amene ali chaka chachiwiri pa koleji ina ya unamwino ndi uzamba kumudzi. Fizi yake timasonkha ndife. Ndinamufotokozera za chidole chobuula chija. Anaseka, kenako anati, "Azakhali, ife jakisoni tinaphunzirira pa lalanje. Mkono wa pulasitiki woyesera kuika diripi ulipo umodzi kalasi yonse, ndiye unabooka kalekale ngati sefa." Ndinamufunsa kuti nanga diripi yake yoyamba anaika pa ndani. Anati pa agogo ena ku wodi ya amayi, ndipo anawabaya katatu asanaupeze mtsempha. "Sanadandaule, azakhali. Anangoti pitiriza mwanawe, uphunzire."

Lalanje sindikulinyoza ayi, ngakhale kuno alipo anamwino akale amene anaphunzirirapo. Koma agogo aja sanandichoke m'mutu. Akanatha kukhala mayi anga. Ana awiri a magazi amodzi akuphunzira ntchito imodzi, wina akulakwitsa pa chidole, wina pa munthu.

Zimene buku silingaphunzitse

Amene tinagwirapo ntchito m'chipatala kapena m'nyumba zosamalira okalamba timadziwa kuti pali nzeru ina imene imakhala m'manja, osati m'mutu. Ukhoza kuloweza tsamba lonse la momwe amapumitsira khanda lobadwa lisakupuma, n'kukhoza mayeso bwinobwino. Koma tsiku loti khandalo lili m'manja mwako, lili zii, mayi ake akukuyang'ana, chimene chimagwira ntchito ndi zomwe manja ako anazolowera. Kapulasitiki kophimba mphuno ndi pakamwa kakapanda kugwira bwino mpweya umathawira m'mbali, ndipo iwe umangofinya ambu bagi pachabe. Madokotala amati khanda lotere liyenera kukhala litayamba kuthandizidwa kupuma m'mphindi yoyamba yeniyeniyo. Mphindi imodzi si nthawi yotsegula buku.

Ndi chifukwa chake mu 2010 kunayambika maphunziro otchedwa Helping Babies Breathe, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene anawalandira. Chipangizo chake chachikulu ndi kachidole kotchedwa NeoNatalie. Sikafuna magetsi. Amakathira madzi ofunda kuti kalemere ngati khanda lenileni, ndipo ukapopa molondola kachifuwa kake kamakwera. Kampani imene imapanga kachidoleka, Laerdal ya ku Stavanger m'dziko la Norway, inayamba ndi bambo wopanga zidole zoseweretsa ana, Asmund Laerdal. Mu 1960 iyeyu anatulutsa chidole chophunzirira kutsitsimula munthu wosiya kupuma, Resusci Anne, chija ambirife tinachipsinja pachifuwa pa maphunziro a first aid kuntchito.

Kuno ku Mangalande zoyesera pa zidolezi si zoseweretsa. Bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, NMC, limafuna kuti wophunzira unamwino akwanitse maola 2,300 ogwira ntchito ndi manja, ndipo tsopano limalola kuti maola ofika 600 mwa amenewo akhale a m'zipinda zoyeserazi. Namwino wochokera kunja naye salowa m'kaundula asanakhoze mayeso a OSCE, ndipo amodzi mwa malo ochitira mayesowa ndi University of Northampton, pafupi pompa. Ndinaperekezako mlamu wanga. Mayi ameneyu wachiritsa amayi ambirimbiri kumudzi, ena mwa iwo ndi tochi ya foni magetsi atazima. Ulendo woyamba sanakhoze. Ntchito amaidziwa, koma anali asanazolowere kuchita chilichonse motsata ndondomeko yolembedwa, akulankhula mokweza zomwe akuchita, wotchi ikuyenda, woyesa ali chete ndi cholembera. M'galimoto pobwerera anangoti, "Alamu, ine kulankhula ndi chidole ndayambira kuno." Anayeserera masabata angapo m'chipinda chonga cha mwana wanga chija, ulendo wachiwiri n'kudutsa.

Nyumba izi sizinagwe kumwamba

Tikamadutsa pa University Road pa basi timangoti azungu ndi olemera. N'zoona, koma mbiri yake ili ndi kanthu kena kamene ndinakamva mochedwa. Yunivesite ya Leicester inatsegulidwa mu 1921 ngati koleji yaing'ono, ndipo amene anaiyambitsa ndi anthu a mumzinda muno, pokumbukira ana awo amene anafera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Dokotala wina, Astley Clarke, ndi amene analimbikira ganizoli. Mwini fakitale ya ulusi, Thomas Fielding Johnson, anagula malo ndi nyumba imene inali chipatala cha asilikali n'kuipereka. Ena anasonkha zomwe akanatha. Tinene kuti zinali ngati zopereka za maliro, koma iwo anamangira sukulu.

Sukulu ya udokotala inabwera mu 1975. Mu 1984, m'labu ina ya pa yunivesite yomweyo, Alec Jeffreys anatulukira njira yozindikirira munthu pogwiritsa ntchito DNA, imene lero apolisi ndi makhothi a dziko lonse amadalira. Mu 2016 anatsegula nyumba yatsopano yophunzitsira zachipatala ya mapaundi 42 miliyoni. Lero imatchedwa George Davies Centre, dzina la bambo uja anayambitsa masitolo a zovala a Next ndi George, amene anapereka mapaundi oposa 5 miliyoni othandizira kafukufuku wa matenda a mitsempha ya magazi. Ku Nottingham nako, ibuprofen amene timamwa msana ukamapweteka pambuyo pa shifiti anatulukira m'malabu a Boots, ndipo Peter Mansfield wa ku yunivesite ya kumeneko analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa cha makina a MRI. Anthu anzeru amabadwa paliponse, ku Ntchisi komwe. Awa anapeza benchi, magetsi ndi zida zowadikira.

Kwathu zinthu zasintha ndithu, tisamanyoze. Mpaka 1991 Malawi analibe sukulu yake ya udokotala. Ana athu ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerera. College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre chaka chimenecho, mwa khama la anthu ngati Pulofesa John Chiphangwi, ophunzira oyamba anali oti ayambira maphunziro awo kunja n'kudzamalizira kumudzi. Kamuzu College of Nursing inalipo kuyambira 1979. Mu 2021 ziwirizi zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Mu 2019 kunayamba maphunziro a udokotala wa mano kwa nthawi yoyamba m'dziko lathu, mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland. Pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth pali malabu a Malawi-Liverpool-Wellcome amene amachita kafukufuku wodziwika dziko lonse. Izi n'zonyaditsa.

Koma mayi anu akadwala usiku ku Chitekesa kapena ku Kaporo, amene akawalandire pa health centre si pulofesa wa ku Blantyre. Ndi namwino, mzamba, medical assistant kapena clinical officer, ndipo ambiri mwa amenewa amachokera ku Malawi College of Health Sciences, imene ili ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, kapena m'makoleji a mishoni: Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, St Joseph's ku Nguludi, Malamulo ku Thyolo, Trinity ku Muona. Makoleji amenewa ndi amene asenza dziko pamutu. Ena ali ndi zipinda zoyesera zabwino ndithu, zomangidwa ndi mabungwe akunja. Vuto limabwera pulojekiti ikatha. Zidole zimang'ambika, magolovesi amatha, ophunzira amachuluka, ndipo ndalama yogulira zina palibe.

Ndipo vutoli limayambira pansi. Mwana wa achimwene angayu anaphunzira pa CDSS yopanda labu. Maikulosikopu anaiona koyamba pa chithunzi cha m'buku, n'kuloweza mayina a ziwalo zake, n'kukhoza MSCE asanaikhudzepo. Ana otere alipo ambiri, ndipo akafika ku koleji aphunzitsi amayamba kaye kuwaphunzitsa kugwira botolo la mankhwala. Chuma cha sukulu chimathanso kutayika usiku umodzi. Tonse tikukumbukira mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University itapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene sitikonda kuikamba tikakumana ku tchalitchi kapena pa braai. Ambiri mwa ife, kapena abale athu, tinaphunzitsidwa m'makoleji omwewo ndi misonkho ya alimi a fodya ndi zopereka za akhristu osauka, kenako luso lija tinabwera nalo kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino anachoka ambiri moti mu 2004 boma linayambitsa ndondomeko yapadera, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, yowonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 pa 100 ndi kuchulukitsa ophunzira m'makoleji. Lero Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo, ndipo malamulo a kuno salola kukakopa anthu kumeneko mwadala, ngakhale munthu atha kufunsira ntchito payekha. Sindikuweruza aliyense. Inenso ndinakwera ndege yomweyo, ndipo ndalama zimene timatumiza zimadyetsa makomo ambiri. Koma ngongole ilipo.

Tinalakwitsa kamodzi

Gulu lathu la amayi a ku Malawi kuno, la ku Leicester ndi ena a ku Nottingham, Derby ndi Northampton, linayamba ngati la maliro. Wina akatisiya timasonkha kuti thupi lipite kumudzi, ndipo pa zimenezi sitichedwa. Zaka zingapo zapitazo tinaganiza zochita kanthu kwa amoyo. Mnzathu wina anapeza makina akale oyezera magazi amene malo ena ankawataya. Tinakondwa, tinasonkha ya kontena, tinajambulitsa pambali pa bokosi. Pulagi yathu ndi imodzimodzi ndi ya kuno, ya mano atatu, magetsi ndi 230 volts kuno ndi kumudzi komwe, ndiye tinati palibe chovuta.

Makinawo anafika pa koleji ina, anawalandira ndi nyimbo, ndipo anagwira ntchito mpaka mankhwala amene anabwera nawo atatha. Mankhwala amenewo sapezeka m'Malawi, ndipo kampani yake inasiya kuwapanga. Nditapita ku holide ndinakawapeza ali pakona, atawafunditsa chitenje, pamwamba pake ataikapo mafayilo. Mphunzitsi amene ankandionetsa anali waulemu kwambiri, sananene kanthu. Manyazi anandigwira ine. Safunsa anadya phula.

Pambuyo pake ndinamva kuti si ife tokha. Mu 2011 ofufuza a ku Duke University anasonkhanitsa kaundula wa zipangizo zachipatala zoposa 100,000 m'mayiko osauka 16, n'kupeza kuti pafupifupi 38 pa 100 zinali zosagwira ntchito. Zifukwa zake zinali zomwezi: kusowa kwa zosinthira, kusowa kwa munthu wophunzitsidwa kuzigwiritsa ntchito kapena kuzikonza. Onjezani fumbi la mu Okutobala, kutentha kwa ku Chigwa cha Shire, ndi magetsi ozima ndi kubwera mwamphamvu. Mphepo ya Ana itaononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linakhala miyezi yambiri magetsi akuzima maola ochuluka tsiku lililonse. Chidole cha mwana wanga chija, chodalira kompyuta ndi intaneti, chikanakhala chiyani pamenepo? Mtembo wodula.

Chitsanzo cha njira ina chili ku Queens komweko. Madokotala a ana kumeneko, kuphatikizapo Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Dr Kondwani Kawaza, anagwirizana ndi Rice University ya ku America kupanga makina otsika mtengo othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma. Oyambirira anagwiritsa ntchito timapampu ta m'thanki yowetera nsomba m'nyumba. Makinawo anawatcha Pumani. Pa kafukufuku amene anachitika pachipatalapo, makanda 71 pa 100 amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, pamene mwa amene analandira okosijeni yekha anapulumuka 44 pa 100. Chimene chinandigwira mtima ndi chotsatira chake. Anaona kuti makina opanda wowakonza ndi achabe, choncho ku Polytechnic, imene tsopano ndi MUBAS, kunatsegulidwa chipinda choti ophunzira azipangiramo ndi kukonzeramo zipangizo, ndipo lero MUBAS ndi MUST ya ku Thyolo zimaphunzitsa mainjiniya a zipangizo zachipatala. Ife ndi kontena yathu ija za wokonza sitinaziganizeko n'komwe.

Ulendo uno tinayamba ndi kufunsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kudzera mwa mwana wa achimwene uja tinapeza nambala ya mayi amene amayang'anira chipinda choyesera pa koleji yawo, ndipo tinawapempha kuti alembe zomwe akusowa, osaopa, kuyambira chofunika kwambiri. Patatha sabata anatumiza chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja.

Choyamba pa pepalalo sichinali chidole. Chinali kukonza mpopi wa sinki ya m'chipindamo, chifukwa ophunzira ankangoyerekeza kusamba m'manja popanda madzi. Chachiwiri, loko ndi kabati yokhoma. Kenako zikopa zosinthira za mkono wa diripi uja, pamodzi ndi timachubu take. Anati mkonowo ndi wabwinobwino, chatha ndi chikopa chokha. Kenako magolovesi, masirinji, makanyula ndi thonje zoti zikhale za ophunzira okha, kuti asamakapemphe ku wodi. Makina oyezera BP opopa ndi dzanja, osati a mabatire. Tizidole tiwiri ta makanda. Batire ndi sola yaing'ono yoyatsira mababu kuti chipinda chizitsegulidwa madzulo, chifukwa masana ophunzira amakhala m'kalasi kapena ku wodi. Pansi penipeni analemba, ngati akuchita manyazi, kuti pakanapezeka kangachepe ka munthu wotsegula ndi kuyang'anira chipindacho madzulo ndi Loweruka, bwenzi ana akuyeserera kawirikawiri. Anawonjezera kuti zambiri mwa izi zimagulidwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe komweko, tisavutike ndi kontena, ndipo ndalama zipite ku akaunti ya koleji, osati kwa iwo.

Nditawerenga pepalali pa msonkhano wathu, m'chipinda munakhala kaye chete. Kenako mayi wina anafunsa zomwe ambiri ankaganiza: "Ndiye ife tikajambula chiyani? Mpopi?" Tinaseka, koma funsolo linali ndi mano. Tinazolowera thandizo looneka, la riboni ndi mlendo wolemekezeka. Chikopa cha mkono wa pulasitiki sichikoma pa Facebook.

Panabukanso mtsutso wina wolemera kuposa uwu, ndipo sunathe mpaka lero. Mayi wina wachikulire, amene akulipirira ana atatu a malemu mng'ono wake, anati, "Anzanga, ana akuthamangitsidwa m'makoleji chifukwa cha fizi. Kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, zinthu zonse zinakwera. Inu mukufuna kugula zidole pamene mwana ali pakhomo?" Sindinathe kuwayankha msanga, chifukwa akunena zoona. Chimene ndinanena n'chakuti fizi imathandiza mwana mmodzi, wathu, ndipo imeneyo tipitiriza kulipira aliyense pa banja lake, palibe angasiye. Koma chipinda chija chimadutsamo kalasi ndi kalasi, ana a eni amene alibe azakhali ku Mangalande, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene adzakhale pa ntchito usiku umene mayi athu adzafike pa health centre. Mayi aja anapukusa mutu. Anati iwo za chipinda asonkha theka, theka linalo lipita ku fizi, ndipo palibe amene anawatsutsa.

Tinagwirizana kuti pa chopereka cha mwezi ndi mwezi tizipatula kagawo kochepa, kwa zaka zitatu, pa koleji imodzi yokha. Osati kamodzi n'kuiwala. Tinalembera akuluakulu a kolejiyo kalata, iwo anayankha ndi kalata ya chidindo, ndipo tinamvana kuti azitumiza malisiti ndi chiwerengero cha ophunzira amene alowa m'chipindamo teremu iliyonse. Mmodzi wa ife amene akupita kumudzi pa Khirisimasi akadutsako osalengeza tsiku. Mlamu wanga wa OSCE uja wadzipereka kuti akapita ku holide akakhala masiku awiri ndi ophunzira m'chipindamo, ngati aphunzitsi awo angalole. Akuti chimene anaphunzira ku Northampton sakufuna kufa nacho.

Mwana wanga naye analowererapo. Ataona pepala lija anapita nalo kwa mphunzitsi wake, amene anamufotokozera kuti ngakhale kuno zikopa za mikono ija amazisintha pafupipafupi, ndipo ndalama zake amaziwerengera chaka ndi chaka ngati ya magetsi. Anabwera kunyumba akudabwa. "Amayi, ndiye chodula si chidole, ndi kuchisamala." Ndinamuuza kuti akanakhalapo tsiku lija tinkajambulitsa pambali pa bokosi.

Mpopi unakonzedwa mwezi watha. Loko anagula. Zikopa za mkono sizinafike, akuti wogulitsa akudikira ndalama zakunja kuti aitanitse, nkhani yathu ya masiku onse. Tizidole ta makanda tinafika, ndipo Lamlungu lapitali mwana wa achimwene ananditumizira kavidiyo kojambulidwa madzulo, babu ya sola ikuwala. Atsikana ndi anyamata ali pamzere, wina wagwira foni akuwerenga masekondi mokweza. Itafika nthawi yake anapukuta kachidole ndi nsalu, anakagoneka, anaika kapulasitiki pankhope n'kufinya. Chifuwa sichinakwere. Mawu a mphunzitsi akumveka kumbuyo: "Kweza chibwano pang'ono. Yambiranso." Anayambiranso. Teremu ikubwerayi akupita ku labour ward.